Matope a Tadala ndi Khonde la aNambewe

Ine ndine telala. Ndakalambira pa khonde la sitolo ku Dedza boma ndikupalasa makina, ndipo ulendo umene ndimaudziwa bwino ndi wochoka kunyumba kupita pa khondepo. Koma kumapeto kwa Novembala wina, Tadala, mwana wa malemu mlongo wanga amene ndinamulera kuyambira ali ku pulayimale, anatulukira kuchokera ku yunivesite atasenza zitsulo ndi mapaipi. Ndinayesa wayamba ganyu yokumba mijigo.

"Amalume, mawa mundiperekeze kumudzi. Ndikukatenga matope."

"Sukulu yonse ija tinavutika nayo ija, mathero ake ndi matope?"

Anaseka, n'kukhala pa mpando wa makasitomala kundifotokozera. Akuti dambo siliiwala kanthu. Chaka chilichonse mumagwera mungu wa maluwa ndi wa mitengo, njere za udzu, makala a moto wolusa, minga ya nsomba ndi zigoba za nkhono, kenako matope a chaka chotsatira amakwirira zonsezo. "Zili ngati nsalu zanu m'sutikesi muja, amalume. Ya pansi ndiyo inayamba kulowa." Munthu akazula matopewo bwinobwino, osawasokoneza, amatha kudziwa kuti dziko linkaoneka bwanji kalekale, mitengo yake, nyama zake, ndi kuzizira kwake.

Anati ku America kuli aphunzitsi amene amachita zomwezi pofuna kudziwa dziko limene anthu oyamba kufika kumeneko analipeza, nthawi imene madzi oundana anali atakuta mbali yaikulu ya kumpoto. Amenewo anali atamulonjeza malo a maphunziro, koma anati ayambe waonetsa kuti ntchitoyi amaitha, pogwiritsa ntchito matope a kwawo. Chitsulo chobowolera chinali chobwereka, chofunika kubweza sabata yomweyo. Ndipo mvula ikangoyamba, dambo la kwathu limadzaza madzi mpaka m'chiuno, moti bwenzi akudikira chilimwe china, malo aja atapita kwa wina. Nditamva zimenezi ndinavundikira makina anga, osafunsanso.

Tinanyamuka m'mamawa, ine nditavala juzi poti kuzizira kwa ku Dedza sikusankha mwezi. Kondakitala wa minibasi ya ku Masasa ataona mapaipi athu anayamba kuwerenga ndi chala.

"Madala, awatu ndi anthu awiri awa."

"Anthu opanda miyendo?"

"Mpando sudziwa miyendo, madala."

Titakokanakokana tinagwirizana kuti mapaipiwo alipire ngati mwana wa sukulu, ndipo anayenda atagona pa maondo athu, nsonga zake zikugogoda chipewa cha bambo wa kutsogolo pa bampu iliyonse.

Pa Masasa tinadya tchipisi cha pa chiwaya podikira matola otsikira ku Golomoti. Amene simunatsikepo msewu wa Khwekhwerere, dziwani kuti umapindika mpaka munthu kuona kumene wachokera kuli pamwamba pa mutu wake. Galimoto inali yodzaza makabichi ndi matumba a kachewere, ife tili pamwamba pake. Mayi wina amene anakhala moyandikana nane anatulutsa kolona pa kona yoyamba, n'kuibweza m'thumba titafika pansi. Bambo wina wa magalasi akuda anakhala akuyang'ana zitsulo zathu mwakachetechete, kenako anasendera kufupi n'kutsitsa mawu.

"Achemwali, musandibisire. Ndi golide?"

Tadala anamuuza kuti ndi matope chabe, ndipo anawonjeza kuti nthawi ya madzi oundana ija dziko lonse linazizira, n'kutheka kuti kuzizira kwa ku Dedza kunkatsika mpaka kuchigwa kumene tinkapitako. Mayi wa kolona uja analowererapo. "Ndiye kuti ku Golomoti ankalima kachewere?" Tadala anati nthawi imeneyo khasu kunalibe, anthu ankadya za kutchire ndi za m'madzi. Mayiyo anapukusa mutu powamvera chisoni anthu akalewo. Bambo wa magalasi sanakhulupirire ngakhale pang'ono, ndipo potsika anandinong'oneza kuti tikachipeza tisamuiwale.

Makutu anga atatseguka ndinaona milambe, ndipo juzi ija inasanduka katundu. Pa Golomoti dzuwa linkawotcha mpaka phula kununkha. Tinagula mango kwa amayi a m'mbali mwa msewu, n'kukwera minibasi ya ku Salima imene inatisiya pa Mtakataka, mapiri a ku Mua akuoneka chakumadzulo ndi timitambo tochepa pamwamba pake. Kuchokera apo tinapeza ngolo yobwerera kumudzi kwathu itatula chimanga kuchigayo. Ng'ombe zake sizinkadziwa kuti kuli yunivesite, zinkayenda monga mwa masiku onse.

Kumudzi kuli achemwali anga aakulu, aNambewe, amene Tadala amawatchula amayi aakulu. Amuna awo anamwalira, ana ali kutauni, ndipo maondo awo anayamba kale kukana ntchito. Anatilandira ndi nthungululu, koma poyala mphasa pa khonde anachita manyazi. Khondelo linali long'aluka, dothi likufumbuka m'makona.

"Musayang'ane pansi, alendo. Maondo angawa sandifikitsanso kudambo. Tadala, amako akanakhala moyo, bwenzi pano pali posalala. Ndiwo ankandizirira."

Kwathu mkazi amadziwika ndi khonde lake. Dothi lozirira amakalitenga kudambo, n'kulisakaniza ndi madzi, kulipaka ndi manja, kenako kulisalaza ndi nkhulungo, kamwala kosalala kaja. Mtsikana akafika kwa mayi wokalamba n'kuona khonde long'aluka, sadikira kutumidwa.

"Mawa tikupita kudambo komweko, amayi aakulu," anatero Tadala. "Ndikukatenga matope akuda a pansi penipeni."

Achemwali anamuyang'ana nthawi yaitali, maso akulengeza misozi. "Mwana iwe, Mulungu akudalitse." Ine ndinayesa akudalitsa sukulu.

Kutacha tinalowera kudambo ndi abambo awiri a m'mudzimo amene anavomera kutithandiza. Amfumu anali atauzidwa kale, ndipo akuti anangoseka n'kunena kuti matope sanayambe atherapo munthu. Dambolo linali louma pamwamba, long'aluka, koma pakati pake pamene pali bango nthaka inkanjenjemera ukaiponda. Ntchito yake imayenda chonchi: chitsulo chija chili ndi mimba yaitali kunsonga. Mumachikankhira pansi, n'kupotoza chogwirira kuti mimbayo itseke, kenako n'kuchizula. Mukatsegula mumapeza matope atagona mowongoka monga anakhalira pansipo. Tadala ankawasendezera mu paipi yodulidwa pakati, kukulunga ndi pulasitiki, n'kulemba kuti kumutu ndi uku, kumiyendo ndi uku. Akatero ankalumikiza chitsulo china kuti tifike pansi kuposa poyamba.

Ndinadabwa kuona kuti matope ali ndi mitundu ngati nsalu. Pamwamba anali ofiirira ndi mizu, kenako akuda bii, kenako mzere wa makala, kenako akuda kachiwiri. Mwana amene ndinkamusokera yunifolomu uja anali atagwada m'thope, akulankhula ndi dothi motsitsa mawu ngati namwino. Dzuwa litafika paliwombo tinagunda dongo lotuwa lolimba. Abambo aja anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, koma chitsulo chinakana. Tadala anati zimene tapezazo zikwanira, ngakhale ankalakalaka kuona za pansi pa dongolo.

Tinabwera nawo mapaipiwo pa ngolo n'kuwandandalika pa mthunzi, pakhomo penipeni pa achemwali, poti matopewa safuna dzuwa. Achemwali anali kumunda wa kuseri kwa nyumba. Foni ya Tadala inali itatha moto ndipo pulasitiki inali itachepa, choncho tinangosamba m'manja n'kukwera kabaza kupita pa Mtakataka. Tinatchajitsa foni, tinamwa zoziziritsa kukhosi, ine n'kumanyadira kwa aliyense wondidziwa kuti mwana wanga akupita kunja. Pobwerera, timitambo ta ku Mua tija tinali titakula n'kuda kunsi.

Titangokhota pa mtengo wa bwemba, ndinaona khonde la achemwali likunyezimira. Linali lakuda, losalala kuyambira pakhomo mpaka kukona, lokongola kuposa khonde lililonse limene ndinaliona m'mudzimo. Mapaipi athu anali atatsukidwa bwinobwino n'kuimikidwa pa khoma. Mapulasitiki anali atayanikidwa pa chingwe. Achemwali anali atakhala pansi chotambalala, matope mpaka m'zigongono, nkhulungo ili m'manja, nkhope yonse ili mwee.

"Bwerani muone! Dothi labwino chonchi sindinaligwirepo chibadwire. Lopanda mchenga ngakhale pang'ono. Komatu wandikulungira ngati nyama ya ku sitolo, mwana iwe! Lina linali ndi timinga, ndimangotola n'kutaya."

Tadala anaima chilili. Kenako anakhala pa mtondo umene unali pafupi, foni ili m'manja, misozi n'kuyamba kutsika. Ndinafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Achemwali anachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. Anadandaula za khonde, mwana anapita kudambo, anabwera ndi dothi n'kulisiya pakhomo. Ife ophunzira ndi operekeza ophunzira sitinaone chifukwa chowafotokozera zambiri.

"Nanga akulira chiyani? Wakumbuka amake?"

Ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono za sutikesi ija, za aphunzitsi a ku America, za chitsulo chobwereka. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anayang'ana manja awo, anayang'ana khonde, n'kugwira kumutu ndi matope omwewo.

"Mayo ine! Ndazirira sukulu ya mwana?"

Anatola chigoba cha mpeni kuti ayambe kupala dothilo alibwezere m'mapaipi. Tadala ndiye anawagwira dzanja. Anawauza kuti sizingathandize, poti zakale ndi zatsopano zasakanikirana, ndipo madzi akatayika sawoleka. Kenako anagwada, anasisita khondelo ndi chikhato, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala. "Lakongola, amayi aakulu. Amayi akanakhala moyo akanazira chonchi. Musalipale." Pamenepo ndinadziwa kuti ndinalera munthu, kaya apite ku America kaya asapite.

Koma chisoni sichizula matope. Ndinathamangira kwa abambo awiri aja, ndipo onse anandiuza zofanana: mawa mbandakucha akukafola pa mzere wa feteleza, ndipo amuna a mudzi wonse adzakhala komweko. Sindikanawaletsa, poti mvula ikununkha kale ndipo munda sudikira. Kumapiri kunagunda bingu loyamba. Nditabwerera ndinapeza achemwali palibe. Anali atatenga ndodo yawo, akuyenda khomo ndi khomo ndi maondo omwe aja amene sankawafikitsa kudambo.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso la amayi. Anali a mphakati wa kutchalitchi kwa achemwali, ena ndi ana kumbuyo, wina atasenza ndowa ya thobwa. Patsogolo panali mayi Eneresi, mayi wa thupi lake amene akakhala pa benchi la m'tchalitchi ena amasendera okha.

"Ali kuti mwana amene mwamuzirira sukuluyo? Tiyeni, mvula isatipeze tikupatsana moni."

Achemwali tinawakweza pa ngolo, poti anakanitsitsa kutsala. Kumwamba kunali kutachita mdima mbali ya ku Mua, mphepo ikuweramitsa bango. Tadala anasankha malo pafupi ndi bowo la dzulo, anawaonetsa amayiwo kagwiridwe kake, ndipo ntchito inayamba. Amayi a kwathu sagwira ntchito chete. Posakhalitsa wina anapeka nyimbo pomwepo yonena za aNambewe amene khonde lawo lapita ku yunivesite eni ake asanaphunzire kulemba dzina, ena n'kumavomera. Achemwali ankaseka uku akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Paipi iliyonse ikakulungidwa, ankailandira okha n'kuigoneka pa miyendo yawo ngati khanda, osalola wina kuikhudza.

Titafika pa dongo lotuwa lija chitsulo chinakananso. Tadala anayang'ana kumwamba n'kunena kuti tilekere pomwepo, tapeza zofanana ndi za dzulo.

"Dzulo analekera apa ndani?" anafunsa mayi Eneresi.

"Abambo aja."

"Ndiye chifukwa chake."

Anamanga chitenje m'chiuno, anaitana anzawo awiri, n'kudzikoloweka pa chogwirira mpaka mapazi kusiya nthaka. Chitsulo chinalira, chinaima, kenako chinangoti fwaa kulowa, amayi atatuwo n'kugwerana m'thope miyendo m'mwamba. Dambo lonse linafa ndi phwete. Titazula n'kutsegula, pansi pa dongo lotuwa panali matope ena akuda kwambiri, onunkha ngati chithaphwi, odzaza timasamba ndi tinthambi tosawola. Tadala anangoti kukamwa yasa. Ine ndinamugwirira pulasitiki, iye n'kukulunga.

Tinazulanso kawiri kapena katatu, ndipo madontho oyamba anatigwera tikukulunga paipi yomaliza. Amati walira mvula walira matope, koma ife tinalira matope, mvula n'kubwera yosaitanidwa. Amayi anavula zitenje zapamwamba n'kufunditsa mapaipi, ife anthu n'kumanyowa. Pamene ngolo inkatuluka m'dambomo, mabowo athu anali atamira kale m'madzi.

Mvula itakata, tonse tinakhala pa khonde latsopano lija tikumwa thobwa. Tadala anatenga timatope totsalira pa chitsulo, anatisungunula m'madzi, anatisefa pa kasefa kake, n'kutulutsa galasi lokulitsa zinthu. Amayi anafola ngati kuchipatala. Wina anaona njere ya kakombo, wina kachigoba ka nkhono kochepa kuposa njere ya mapira, wina khala la moto umene unazima anthu a mudziwo asanabwere. Anawauza kuti mungu suoneka ndi galasi limeneli, umafuna makina a ku sukulu, ndipo zaka za matopewo adzaziyeza komweko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ngakhale mayi Eneresi anadekha.

Achemwali sanafole nawo. Anapempha galasilo, anawerama pa khonde lawo pafupi ndi chitseko, n'kuyamba kufufuza okha. Patapita kanthawi anaitana.

"Tadala, tabwera. Aka n'chiyani?"

Kanali kafupa kozungulira, kakang'ono ngati mkanda, katamatirira m'dothi lozira. Tadala anati ndi fupa la msana wa nsomba.

"Nsomba? Kudambo kuja? Nyanja ili kutali chonchija?"

"Mwina nyanja inkafika kuno nthawi ina, amayi aakulu. Mwina linali thamanda lalikulu. Sindikudziwa panopa, koma mapaipi aja akatiuza."

Achemwali anayang'anitsitsa kafupako. Kenako anati, "Ndiye kuti dzikoli linayamba lasinthapo, anthu n'kukhalabe?" Tadala anati inde, kangapo konse. Achemwali anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za m'bale wake wotayika kuti ali moyo.

Tinanyamuka m'mawa mwake, msewu uli thope lokhalokha, anthu ali m'minda kubzala. Achemwali anatipatsa nkhuku ndi thumba la mango, ndipo anandilamula kuti mapaipiwo ndisawasiye pakhomo pa mkazi wina aliyense. Pa Golomoti tinapeza matola okwera Khwekhwerere, ndipo mtengo wa mapaipi sindinautsutse, poti tsopano ndinkadziwa kuti ndi anthu ndithu. Tikukwera phiri ndinavalanso juzi yanga. Tadala anagona mutu uli pa phewa langa, dzanja limodzi litagwira katundu wake, zikhadabo zikadali zakuda.

Ine ndinapita ulendowu ngati wonyamula katundu, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito ya mwanayu ndi ya anthu a mabuku okhaokha. Ndinabwerako nditaona kuti tikanawakhazika pansi achemwali tsiku loyamba lija n'kuwaonetsa galasi, sitikanalira. Komanso tikanapanda kulira, chitsulo chikanalekera pa dongo lotuwa pamene analekera amuna.

Dzinja litatha Tadala anandiimbira foni akufuula moti ndinachita kuichotsa kukhutu. M'matope a pansi pa dongo muja anapezamo mungu wa mitengo imene lero imamera pamwamba pa mapiri ozizira okha, ndipo aphunzitsi aja anamutumizira mawu akuti abwere. Ndinatseka makina n'kuimbira mwana wa neba kumudzi kuti apereke foni kwa achemwali. Analulutira mpaka foni kuchita phokoso. Nditawafunsa ngati khonde lija linaziridwanso, poti miyezi inali itapita, anandikalipira.

"Ndizirenso? Pali sukulu ya mwana wanga pamenepa. Kafupa kaja kalipo, ndinakazunguliza ndi makala kuti ana asakapondereze. Mlendo akabwera ndimamuyalira mphasa pomwepo, ndimamuuza kuti khalani bwino, mwakhala pa nyanja."